Wonenepa wa pa Regi Yanga

Atate anga anafera m'khitchini ya hotela, chipande chili m'manja. Anali khukhi, mmodzi mwa aja anachoka ku Nyasalande ndi sutukesi ya malata nthawi ya atsamunda n'kudzakhazikika kuno ku Livingstone. Tsiku limenelo ankavundula supu. Anangoti, "Mutu wanga ine," basi khu! pakati pa chitofu ndi tebulo. Anawanyamula amuna anayi, ndipo anayiwo anatuluka thukuta, chifukwa atate anali chimunthu. Anali asanakwanitse zaka makumi anayi ndi zisanu.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Nyumba imene tinkakhala inali ya ntchito, ndiye wantchitoyo atapita, nyumbanso inali kupita. Titangochoka pamaliro ndinavula yunifolomu ya sukulu n'kukaima pakhomo lakuseri kwa hotela, kupempha kuti ndizisenda mbatatesi kuti amayi ndi azing'ono anga asathamangitsidwe. Anandilola. Sukulu yanga inathera pakhomo limenelo, ndipo mpaka lero ndikamva belu la sukulu mtima umandiwawa.

Kwa atate ndinatengera zinthu zitatu: ntchito, thupi ndi lamba. Lambayo anali wachikopa chenicheni, wakuda, wotambalala ngati chikhatho. Ndili mnyamata ankandizungulira kawiri. Pofika zaka makumi anayi ndinkamangira pabowo lomaliza, pomwe atate ankamangira, pamene chikopa chinachita kung'aluka ndi mimba yawo.

Musandiseke, khukhi sanenepa mwadala. Msuzi uliwonse ulawe, nyama ikapsa ulawe, zotsala za alendo uzitaye bwanji? Komanso zinali zaka zija zinthu zinkasowa m'masitolo. Anthu ankagona pamzere kudikira saladi, mafuta ophikira aja, pamene ine ndinkabwera kunyumba ku Malota ndi chitini cha mafuta otsala pokazinga nkhumba. Tinkapaka pa buledi, tinkathira m'ndiwo, ine ndinkachita kunyambita supuni. M'komboni monse ndinali munthu wolemekezeka. Azimayi a pampopi ankati, "Ba khukhi, mimba iyo ni ya bwana!" Mkazi wanga akamva choncho ankayenda monyadira, chifukwa mimba ya mwamuna ndi mbiri ya mkazi wake.

M'mawa wina ndinawerama kuti ndimange nsapato. M'maso munangoti bii, m'makutu munalira ngati mwalowa njuchi, kenako magazi a m'mphuno anadontha pansapato. Ndinakhala pansi, ndipo mawu amene anatuluka pakamwa panga anali omwe aja: "Mutu wanga ine." Ndinaopa, abale, ndinaopa ngati kamwana.

Kuchipatala ndinapeza dokotala wina wochepa thupi, wosaseka. Anandimanga chinthu chija pamkono n'kupopa, anayang'ana, anapopanso. Anandikweza pa sikelo. Kenako anafunsa kuti atate anga anamwalira bwanji, ndinamuuza. Anafunsa kuti ndili ndi ana angati, ndinati anayi.

"Wamkulu ali ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi ziwiri," ndinatero. "Mtsikana."

Dokotala anawerama n'kuyamba kulemba. Iye sankadziwa chimene zaka zimenezo zinali kwa ine, koma ine m'maganizo ndinaona mwana wanga ataima pakhomo lija lakuseri kwa hotela.

Malamulo ake anali ochepa koma owawa. Mafuta a nkhumba ayi. Shuga mu tiyi ayi. Mchere pang'ono. Nsima theka la imene ndinkadya, masamba ochuluka. Ndipo tsiku lililonse ndiziyenda ola lathunthu, kuyenda kotulutsa thukuta. Anati ndikapanda kutero ndisavutike n'kugula nsapato zina, zomwe ndavalazo zindikwanira. Ndinatuluka nditakwiya, koma wakutsina khutu ndi mnansi.

Nkhondo yoyamba inali ya kunyumba. Mkazi wanga atamva anaika manja m'chiuno.

"Bambo a ana, mukufuna kundichititsa manyazi? Anthu adzati chiyani? Adzati ndakusiyani ndi njala, kapena ndakudyetsani mankhwala."

"Adzanena zambiri pamaliro anga," ndinamuyankha.

Analira, koma mawa lake anandiphikira chibwabwa chothira nsinjiro, chopanda dontho la mafuta, n'kuchiika patebulo mokhala ngati akundiponyera. Mathalauza anga anakana kuwabweza. Ankati misala imeneyi itha, ndidzanenepanso, ndiye nsalu yodulidwa adzaitenga kuti?

Kuntchito ndiye kunali kumoto. Ndinaika kachitini pambali pa chitofu, ndikalawa msuzi n'kulavulira momwemo. Tangoganizani, munthu wamkulu, chikopa cha nkhumba chikuthetheka m'mafuta pamphuno pako penipeni, iwe n'kumatafuna nkhaka! Masiku ena nkhuli inkafika povuta. Kawiri konse ndinagonja, ndinadya mobisa kuseri kwa chitseko ngati wakuba, kenako ndinakhala tsiku lonse ndikumvetsera mutu wanga ngati wayamba kulira.

Kuyenda ndinayambira m'komboni mwathu momwemo. Ha, koma anthu a ku Malota! Kwathu munthu sayenda chabe. Woyenda amapita kumsika, kumaliro, kutchalitchi, ndipo m'manja amakhala ndi kanthu. Ine ndinkangozungulira, manja lendelende, wefuwefu. Tsiku loyamba azimayi a pampopi anafunsa, "Ba khukhi, mwataya chani? Tikuthandizeni kusakila?" Tsiku lachitatu ana anayamba kunditsatira akutengera mayendedwe anga. Lachisanu ndinamva kuti ndazungulira mutu. Manyazi anandigwira, ndipo manyazi amenewo ndi amene anandipititsa ku msewu wa Nakatindi.

Msewu umenewo umatuluka m'tauni kulowera ku Simonga, mtsinje waukulu wa m'malire a dziko uli chakumanzere kuseri kwa tchire. M'mawa kunkakhala zii, wondiseka kunalibe. Koma inali nthawi imene nkhondo yolimbana ndi boma la azungu kutsidya kwa mtsinje inavuta. Usiku kunali lamulo loti tisayende, mawindo tinkatchinga ndi mabulangete, ndipo ndege zikalira kumwamba ana ankalowa pansi pa bedi. Paliponse ankatichenjeza za akazitape. Ife a makolo a ku Malawi tinkayenda mutu uli pansi, chifukwa kunkamveka kuti boma la kwathu limadyera mbale imodzi ndi azungu a kutsidya. Ine ndinabadwira konkuno, ku Malawi ndinapitako kamodzi kokha, koma lilime langa ndi la amayi anga, ndikangotsegula pakamwa aliyense amadziwa. Zonsezi ndinkazidziwa. Ndinangoti kukacha lamulo latha, ndipo regi yanga, chitupa chija cha boma chokhala ndi chithunzi, ili m'thumba. Chingandichitikire n'chiyani?

Choncho kukangoyera ndinkanyamuka. Ndinkayenda mpaka pa kamlatho kena, pamenepo ndinkayang'ana wotchi kuti ndione ngati theka la ola lakwana, n'kutembenuka. Tsiku ndi tsiku, kamlatho komweko, wotchi, kubwerera.

Thupi linayamba kumvera. Mwezi wachiwiri lamba anayamba kukhwepa, ndinabwerera mabowo akale a atate mpaka anatha. Tsopano panafunika mabowo atsopano, ndipo ntchito imeneyo anailanda mwana wanga wamkulu uja. Ankaika msomali pa mbaula mpaka ufiire, n'kuugwira ndi pulayala, lilime lili panja, n'kuboola chikopa. Fungo lake linali ngati la mbuzi yowaula. M'nyumba monse ndi iye yekha amene sankandiseka. Tsiku lina akuboola anandifunsa kuti lambayu anali wa ndani, ndipo ine, pakamwa panga posasunga kanthu, ndinamuuza zonse: za agogo ake, za supu, za nyumba ya ntchito, za mbatatesi. Anangoti, "Oo," n'kupitiriza kuuzira bowo lake. Nyumba yathu ya ku Malota nayonso inali m'dzina la hotela, ndipo iye ankadziwa.

Anaboola mabowo asanu ndi limodzi m'miyezi isanu ndi itatu. Zibwano zanga zitatu zinatsala chimodzi. Ndinkamanga nsapato popanda kuona mdima. Ndinayamba kukhulupirira kuti mwina ndidzapitirira zaka za atate.

Ndiye linafika tsiku lija. Ndinafika pa kamlatho, ndinayang'ana wotchi, ndipo tchire linayankhula.

"Imilila apo! Manja mumwamba!"

Anatuluka asilikali awiri, masamba ali pazipewa, mfuti zitaloza pamimba panga. Anali anyamata, mmodzi ndevu zinali zisanamere n'komwe, ndipo chala chake chinkanjenjemera pa mfutiyo. Chala chimenecho ndi chimene chinandiopsa koposa.

"Uyenda kuti?" anafunsa wamkuluko.

"Sindikupita kulikonse, bwana. Ndikungoyenda."

Anayang'anana. Ndinadzimva ndekha kuti ndayankha zopusa, komanso kuti lilime langa landigulitsa.

"Ni Munyasa uyu," anatero wamng'onoyo.

Wamkulu uja anati akhala akundiona sabata yathunthu. Munthu wopanda katundu, wopanda njinga, amafika pa mlatho, amayang'ana nthawi, amabwerera. Ankafuna kudziwa kuti nthawiyo ndimakauza ndani. Ndinayamba kufotokoza za dokotala, za magazi othamanga, koma mawu ankatuluka opinganapingana. Ndani anamvapo kuti munthu wakuda, nthawi ya njala ya saladi, akuyenda dala kuti aonde?

"Bweletsa regi."

Apa mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinatulutsa regi ija ndi manja awiri. Anayang'ana chithunzi, anandiyang'ana, anayang'ananso chithunzi. Nkhope yake inasintha.

"Uyu si ndiwe."

Regi imeneyo ndinajambulitsa zaka zitatu m'mbuyomo, yoyamba itachapidwa pamodzi ndi thalauza, nthawi imene ndinali pachimake pa kunenepa. Pachithunzipo panali chimunthu cha masaya ngati mabanzi, chopanda khosi, maso atabisala m'mafuta. Ine chithunzicho ndinali ndisanachiyang'ane chiyambire kuyenda. Amene anaima pamaso pawo anali bambo wa khosi lalitali, khungu la m'masaya likulendewera.

"Mwine wa regi iyi ali kuti? Unamupaya?"

Ankandifunsa ngati ndinapha munthu n'kumulanda chitupa. Ndinalumbira pa Mulungu, pa manda a atate, koma ananditembenuza ndi mfuti n'kundilowetsa m'tchire. Pamene tinkachoka pamsewu ndinaona mayi wina wa ku Simonga amene ankabweretsa mkaka ku Malota, ataima patali ndi chigubu pamutu. Anandiona, n'kutembenuza nkhope msangamsanga.

Kumsasa kwawo anandilanda wotchi, nsapato ndi lamba, n'kundikhazika pansi pa mtengo wa mopani. Lamba atangochoka, thalauza lija mkazi wanga anakana kubweza linatsika mpaka m'maondo, ndinachita kuligwira ndi manja. Palibe anaseka. Anati ndidikire sajeni, ndiye adzanene ngati ndipite ku Lusaka kapena kwina. Kwinako sanakutchule.

Ndinakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linapendeka. Tonse tinkamva za anthu otengedwa pamalire amene abale awo ankawafunafuna miyezi. Ena ankati wa ku Malawi amangomukweza galimoto n'kukamutula kumalire a kwawo, kumene ine ndinalibe ngakhale khasu. Mutu unayamba kugunda cham'mbuyo, kugunda komwe kuja. Ndinati kaya ndifera pano ndi magazi anga, kaya andiwombera, kaya anditaya ku Malawi, kwa ana anga n'chimodzimodzi. Miyezi isanu ndi itatu ndikulavulira msuzi m'chitini kuti mwana wanga asavule yunifolomu, ndipo miyendo yanga yomwe ndi imene yandibweretsa pano. Ndinadzitukwana. Kuopa kusekedwa ndi azimayi a pampopi, chitsiru cha munthu! Ndinapemphera, kenako ndinalira, mnyamata wa mfuti uja akundiyang'ana.

Sajeni anabwera cha m'ma fili koloko. Anali wachikulire, wa imvi m'mbali, mimba yake nayo itatsogola. Anamvetsera anyamata ake, anayang'ana regi nthawi yaitali, kenako anati ndiimirire. Ndinaimirira nditagwira thalauza.

"Buluku iyo ni yako?"

"Ndi yanga, bwana."

"Ungangene na mukazi wako mwamene umo," anatero, osamwetulira, kutanthauza kuti tingalowemo awiri.

Anatola lamba wanga pamulu wa zinthu zanga. Anamutambasula, n'kumayendetsa chala. Ndinaona chala chikuima pabowo lomaliza lija, pamene chikopa chinang'aluka ndi mimba ya atate ndi yanga. Kenako chinatsika mabowo a kusitolo, n'kufika pa mabowo opserera a msomali, okhotakhota, lililonse ndi mzere wake pamene chitsulo chinadya chikopa kwa milungu ingapo.

"Aya anaboola ndani?"

"Mwana wanga wamkazi, bwana. Ndi msomali wamoto."

Anandiponyera lambayo n'kunena kuti ndimange pabowo lakale. Ndinamanga. Pakati pa lamba ndi mimba panatsala malo oti mwana n'kulowapo. Anati ndifufumitse masaya. Ine bambo wa ana anayi, wopanda nsapato, ndinafufumitsa masaya ngati chule pamaso pa asilikali, iye ataika regi pambali pa nkhope yanga. Anayang'ana chipsera cha mafuta otentha chimene ndili nacho pamwamba pa diso, anachipezanso pachithunzi.

"Kazitape sangaboole lamba miyezi yonse iyi," anauza anyamata ake. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mudala, mvela. Kajambulitse regi ina. Ndipo nikakuonanso pa msewu uyu, aba anyamata sazakufunsa mafunso. Wamvela?"

Ndinamva. Nsapato ndinavala osamanga zingwe.

Ulendo wobwerera ndinathamanga, ine amene ndinali ndisanathamange chiyambire unyamata. Pofika ku Malota azimayi a pampopi anangoti kukamwa yasa, wina anagwetsa ndowa. Mayi wa mkaka uja anali atafikitsa uthenga m'mawa momwemo kuti khukhi atengedwa ndi asilikali. Kunyumba ndinapeza ana atatu ang'onoang'ono ali ndi mayi wachilozi woyandikana nafe. Iye anati mkazi wanga wapita kwa atcheyamani a chipani, achoke kumeneko apite kupolisi.

"Nanga wamkulu?" ndinafunsa.

Anati anabwera kuchokera kusukulu uthenga utamupeza, analowa m'nyumba, anatuluka, sananene kumene akupita. Ndinalowa kuchipinda cha ana. Yunifolomu yake inali pabedi, yopindidwa bwinobwino, malaya pamwamba pa siketi. Sindinafunsenso munthu, ndinadziwa kumene ali.

Khomo lakuseri kwa hotela silinasinthe chiyambire nthawi ya atate: masitepe atatu, mgolo wa zinyalala, mpopi wodontha. Mwana wanga anali atakhala pa kireti yotembenuza, atavala diresi lake la panyumba, ndowa ya mbatatesi ili pakati pa miyendo. Mkulu wina wotsuka mbale, amene anandiona ine ndikufika pakhomo lomwelo ndili mwana, anandinong'oneza kuti wakhala akumuuza kuti apite kunyumba koma wakana, ndiye anangomupatsa mpeni ndi ndowayo.

Anakweza mutu n'kundiona. Sanathamange kudzandikumbatira. Anangoti, "Atate," mpeni uli m'manja.

"Ukutani pano?" Mawu anatuluka mokalipa, chonsecho sindinafune kukalipa.

"Ndinawauza kuti ndimatha kusenda," anatero. "Kuti asatichotse m'nyumba."

Ndinagwada pa simenti yonyowayo n'kumulanda mpeni. Zala zake zinali zozizira, chimodzi chitachekeka pang'ono. Ndinafuna kumuuza zambiri. Ndinangoti, "Mawa upita kusukulu. Wamva? Mawa, mkuja, mpaka umalize."

Anagwedeza mutu kuvomera. Kenako anayang'ana lamba wanga n'kufunsa motsitsa mawu, "Nanga inu mawa muyendanso?"

Ndinaona kuti akuopa mayankho onse awiri, ndipo inenso ndinkawaopa. Ndikayenda, asilikali. Ndikaleka, supu ya atate.

"Ndiyenda," ndinatero. "Ndizizungulira bwalo la mpira la ku Malota konkuja. Aseke mpaka mano agwe."

Ndinamuuza kuti asambe m'manja pampopi, akhale pa sitepe andidikire. Ine ndinakhala pa kireti ija n'kumaliza ndowa yonse. Tsiku limenelo makoko ankatuluka okhuthala, theka la mbatatesi likupita kuzinyalala, ndipo mkulu wotsuka mbale uja anaona n'kupitiriza kutsuka mbale zake.